Phiri ndi Cigwa ca pa Pepala

Mnyamata wina wa kufupi ndi Katete, atatsiriza sukulu, anabwerera kwao kukalima. Pa zonse zimene anaphunzira m'masamu, cimene cinamthandiza koposa ndico galafu, ndiye mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa cinthu. Nzeru imeneyi si ya lero ai, pakuti William Playfair wa ku Scotland anaonetsa malonda a dziko ndi mizere yotere m'buku lace la mu 1786.

Mnyamatayo analemba miyezi m'munsi mwa pepala, ndi mitengo ya cimanga m'mbali mwace. Mwezi uli wonse anali kufunsa mtengo wa thumba pa msika, naika kadontho. Pamene analumikiza timadonthoto, panaoneka phiri ndi cigwa. Nsonga ya phiri ndi pamene mzere waleka kukwera nuyamba kutsika. Pansi pa cigwa ndi pamene waleka kutsika nuyamba kukwera. Cigwa cinali mu Meyi ndi Juni, nkhokwe zili zodzala, ndipo nsonga inali mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala.

Atate ace anazolowera kugulitsa atangokolola. Tsono iye anawaonetsa pepalalo nati, "Atate, taonani, ife tigulitsa m'cigwa ndi kugula pa phiri." Mkuluyo anayankha kuti, "Mwana wanga, wanena zoona, koma anankafumbwe sawerenga galafu, ndiponso ndalama za sukulu za ang'ono ako siziyembekeza Januwale." Motero anapangana kugulitsa pang'ono cabe ndi kusamala zotsalazo.

Pakupita kwa zaka mnyamatayo anazindikira zinthu ziwiri zimene zisokeretsa anthu ambiri. Coyamba, mtengo ukhoza kukwera, nutsika pang'ono, nukweranso koposa. Malo oterewo ndi culu, si phiri ai, ndipo munthu ayenera kulinganiza nsonga zonse za caka asananene kuti yaitali ndi iti. Caciwiri, nsonga idziwika mzere utakhota kale. Ca caka catha cioneka bwino pa pepala, koma ca mawa cili cobisika, popeza mvula ndi malamulo a boma zisintha mitengo.

Cifukwa ca ici iye sanali kulindira tsiku leni leni la nsonga. Anali kupatula cakudya ca banja poyamba, nagulitsa cotsala pang'ono pang'ono mzere uli kukwera. Mlimi woumirira nsonga yeni yeni kawiri kawiri aipeza itapita kale, ndipo cimanga cace cili cofumbwa.