Antchito anga a m'dzenje la manyowa

Abale anga a kuno ku Ngabu, ndi inu a ku Blantyre amene mumaona zithunzi za mpiru wanga n'kumafunsa kuti feteleza ndikumupeza kuti, lero ndikuuzeni. Feteleza ine sindigula. Thumba linadutsa K100,000, ndalama ya thonje ingakwane? Chimene chikudyetsa ndiwo zanga kuseri kwa nyumba ndi dzenje la manyowa, ndipo antchito a m'menemo ndi nyongolotsi.

Ena mukaziona mumaitana nkhuku, eti zimadya mizu. Ayi ndithu. Zodula mizu ndi mbozi zoyera zopindika zija, ndi chiswe. Nyongolotsi ilibe ndi mano omwe. Imameza zinyalala zowola kale pamodzi ndi dothi, n'kutulutsa timibulu takuda tofewa. Timibulu timeneti mukathira pa nazale, mbande sizipsa ngati mmene zimachitira ndi ndowe zaziwisi.

Vuto la kwathu kuno ndi dzuwa. October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, makande n'kung'ambika mpaka phazi kulowa. Nyongolotsi imapumira pakhungu, khungulo likauma basi yafa. N'chifukwa chake dzenje langa lili pansi pa mtengo wa nimu, lakuya kufika m'mawondo. Pansi ndimayala mapesi a mapira oduladula, kenako ndowe za ng'ombe, masamba, makoko a maungu ndi nthochi, kadothi pang'ono, pamwamba udzu wambiri. Ndowe kuno sizisowa, makola ali ponseponse, koma anthu amangozisiya mpaka mvula kuzikokolola.

Masabata oyamba dzenje limatentha, ukazika ndodo imatuluka yofunda. Nthawi imeneyo musaikemo nyongolotsi, mungaziphike. Likazizira ndimakatapa dothi lonyowa pansi pa nthochi kudimba, momwe zimakhala zambiri, n'kudzathira pakona imodzi. Zimafalikira zokha.

Madzi ndiye nkhani yaikulu. Mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, mukudziwa nonse, ndipo mchere ndi nyongolotsi sizigwirizana. Ine ndimathira otsukira mpunga ndi ndiwo, osati a sopo. Mayi a kunyumba anazolowera, ali ndi chidebe chake chapadera. Kuyesa kwake n'kosavuta: tapani manyowa m'manja mufinye. Akagwirana osadontha, ali bwino. Mukafukula n'kupeza chiswe chokhachokha, dzenje lauma. Likanunkha, madzi achuluka. Freddy uja mu March 2023 anadzaza dzenje langa ndi matope, nyongolotsi n'kuthawira pamtunda, nkhuku zinachita phwando. Pano ndinaunda kamzere kuzungulira.

Phulusa likhale lochepa. Ndipo chonde, inu olima thonje, pampu yopoperera mankhwala musatsukire pafupi ndi dzenje. Kamodzi kokha mwapha zonse.

Chimene chimandiwawa ndi moto. Munthu kutentha mapesi a munda wonse chifukwa cha mbewa zisanu, kenako February akulira kuti nthaka yatha mphamvu!

Inu a m'tauni musati malo mulibe. Chidebe chobooka pansi, makoko a mbatata ndi masamba a kukhitchini, pamthunzi, zikwanira. Apafupi amene mukufuna mbewu ya nyongolotsi bwerani ndi kachitini, sindigulitsa. Koma mubwere m'mamawa, masana dzenje langa sinditsegula.