Wozinga Mbuzi ya Khirisimasi

Kumaiko a azungu Khirisimasi imagwa m'nyengo ya chisanu, ndipo kwa zaka zambiri anthu a ku America akhala akukangana za moni woyenera kupatsana m'nyengoyi. Ena amati kutchula dzina la Khirisimasi m'sitolo, kusukulu kapena mu ofesi nkusala Ayuda, Asilamu ndi anthu osapembedza, choncho nkwabwino kungofunirana tchuthi chabwino. Ena amati kutero nkuchita manyazi ndi chikhulupiriro chako. Mkanganowu unafika pampondachimera cha m'ma 2005, ndipo monga achitira kaunjika, unawoloka nyanja mpaka kutipeza kuno ku Dar es Salaam, kumene Disembala ndi mwezi wa thukuta.

Ine unandipezera kuntchito. Bungwe limene ndinkagwirako, loyendera ndalama zakunja, linalandira kalata kuchokera kulikulu yonena kuti makhadi a kumapeto kwa chaka asatchule Khirisimasi poopa kukhumudwitsa Asilamu. Oyamba kuseka anali Asilamu omwewo. Mmodzi anandifunsa kuti, "Nanga pa Idi mudzatifunira chiyani, achimwene? Tsiku labwino lopanda dzina?"

Funso limenelo ndimalimvetsa chifukwa cha kumene ndimakhala. Tandale, m'boma la Kinondoni, ndi dera la anthu opeza movutikira, lodziwika ndi msika waukulu wa chimanga, mpunga ndi nyemba, komanso poti nkumene anakulira woimba Diamond Platnumz. Nyumba zambiri nzomangidwa Chiswahili: zipinda mbali iyi ndi iyo, kanjira pakati, bwalo kuseri. Banja lililonse lili ndi chipinda chake, koma bafa, chingwe choyanikira zovala ndi pophikira nzathu tonse. M'nyumba yathu muli Asilamu, Akatolika, a Lutheran, ndi ife Anyasa, monga amatitchulira Amalawi kuno. Pamalo otere chipembedzo sichibisika. Amene akusala kudya pa Ramadani timamudziwa poona mbaula yake ili zii masana, ndipo amene wapita ku Misa ya usiku timamumva akugogoda pachitseko chakumaso.

Pa 25 Disembala m'mawa, Mkhristu amene wagula mbuzi kapena nkhuku sagwira mpeni. Amatuma mwana kukaitana bambo wina wachikulire wa kumzikiti, amene amayang'anitsa chiweto ku Makka, kutchula dzina la Mulungu monga mwa chiphunzitso chake, nkuchizinga. Akatero mpunga wa pilawu umalowa chipinda chilichonse popanda wofunsa kuti nyamayo yafa bwanji. Chaka changa choyamba ndinawafunsa bambowo ngati sizikuwavuta kutumikira phwando la eni. Anapukuta mpeni nati, "Mwanangu, kubadwa kwa Isa mwana wa Mariamu kuli m'Korani, m'sura ya 19. Pa za umulungu wake timasiyana, ndipo sindikubisirani. Koma mwandiitana kuti ana anga adye nanu. Ndikane?"

Nkhanitu ili pamenepo. Bambowa sanabise kusiyana kwathu, ndipo nanenso sindinasinthe dzina la tsiku langa. Chimene ndinapereka ndi mpeni, kutanthauza ufulu wanga wopha chiweto changa monga ndifunira. Iwo anapereka m'mawa wawo, ndipo pa Idi mbale zawo zimabwera kwathu. Kupatsa nkuika. Khadi lopanda dzina lija, ngakhale cholinga chake nchabwino, sililipiritsa munthu kanthu. Limam'tenga Msilamu ngati dzira loti likhoza kusweka pongomva dzina la chikondwerero cha mnzake, pomwe munthuyo wakula akumva belu la tchalitchi monga ine ndimadzukira kuitana kwa kumzikiti mbandakucha.

Awerengi asaganize kuti mtendere wa kuno unagwa kumwamba ngati mvula. Mu Epulo 1993 anthu ena anaphwanya mabutchala ogulitsa nyama ya nkhumba mumzinda uno. Mu Febuluwale 1998 apolisi analimbana ndi Asilamu pamzikiti wa Mwembechai ku Magomeni, pafupi ndi Tandale pompano, ndipo anthu anafa. Mu Okutobala 2012 matchalitchi anatenthedwa ku Mbagala itamveka mbiri yoti mnyamata wina wanyoza Korani. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho wansembe wa Katolika anawomberedwa ku Zanzibar, mwamwayi napulumuka. Choopsa kwa ine ndi chimene chinachitika ku Buseresere, m'chigawo cha Geita, mu Febuluwale 2013, pomwe m'busa anaphedwa pamkangano woti ndani ali ndi ufulu wozinga ziweto zogulitsa. Mpeni womwe umatilumikiza pabwalo pathu ndi womwewo unagawanitsa mudzi, pamene wina anasandutsa ulemu kukhala lamulo ndipo mnzake anasandutsa kukana kukhala mbendera.

Kukhala chete nako kuli ndi malo ake. Julius Nyerere, Mkatolika wolimbikira, ankaphunzitsa kuti boma lilibe chipembedzo ngakhale anthu ake ali nacho. Kalembera wa anthu womaliza kufunsa za chipembedzo m'dziko muno anali wa 1967, poopa kuti ziwerengero zingasanduke zibonga. Utsogoleri wakhala ukusinthana: Nyerere, kenaka Msilamu Ali Hassan Mwinyi mu 1985, Mkhristu Benjamin Mkapa mu 1995, Msilamu Jakaya Kikwete mu 2005, Mkhristu John Magufuli mu 2015, ndi Msilamu Samia Suluhu Hassan mu 2021. Koma boma lomwelo silinafufute maina a masiku opatulika. Khirisimasi, Pasaka, Idi ndi Maulidi onse ndi masiku a tchuthi, aliyense ndi dzina lake. Boma likhale chete posankha mbali, koma anansi azitchulana maina.

Kwathu ku Malawi phunziroli timalidziwa, ngakhale timaliiwalaiwala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse. Tinatsogoleredwa ndi Msilamu, Bakili Muluzi, kuyambira 1994 mpaka 2004, ndipo ku Mangochi kapena ku Nkhotakota nkosadabwitsa kuona banja limodzi lili ndi shehe ndi mkulu wa mpingo. Komabe mu 2019 tinakangana ku Balaka pa nkhani ya atsikana ovala hijabu pasukulu ya mpingo, mpaka bungwe la Public Affairs Committee linakhazika mbali ziwirizo pansi, mgwirizano nusainidwa mu 2021. Chinathetsa nkhaniyo ndi kuitchula poyera, aliyense nkulolera kutaya kenakake.

Chaka cha Asilamu nchachifupi ndi masiku pafupifupi 11, motero miyezi yawo imayendayenda. Mu 1999 ndi 2000 Khirisimasi inagwa mkati mwa Ramadani, ndipo zidzateronso mu 2031. Chaka chimenecho mbuzi idzazingidwa m'mawa, anansi athu ali ndi njala ya dala. Akhristu a m'nyumba ngati yathu adzayenera kusankha: kudya masana fungo likuzunza ana a eni, kapena kudikira dzuwa lilowe kuti mphasa ikhale imodzi. Palibe kalata yochokera kulikulu imene idzatiuze chochita. Ine ndauza kale ana anga kuti tikadzakhala moyo, kwathu mpunga udzapakulidwa madzulo.