Ku Rufunsa, phunziro limayamba layesedwa lisanakumane ndi kalasi

Msewu wa Great East Road ukangodutsa Chongwe, nyumba zimayamba kutalikirana, mapiri n'kumayandikira. Pa Chinyunyu pali akasupe a madzi otentha pafupi ndi msewu, ndipo kuchokera pamenepo matumba a makala amangoti ndandanda m'mbali, amayi atakhala pamthunzi kudikira galimoto yoti iime. Kumeneku ndiye ku Rufunsa, boma lomwe linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, dziko la Asoli, kwa mafumu Mpanshya, Bundabunda ndi Shikabeta. Ine ndinatsika basi tisanafike kwa Mpanshya, n'kutsata kanjira ka fumbi kopita pasukulu ina ya pulayimale, komwe ndinamva kuti aphunzitsi akumana masana kukonza phunziro la masamu la Giredi 3.

Ndinafika ana a m'mawa akuweruka, a masana akulowa. Chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi m'sukulu zambiri za boma anadzaza, ndipo pano zinkaonekeratu: desiki la ana awiri likhala ndi anayi, ena pansi kutsogolo kwa bolodi, makope ali pamaondo. A hedi anandilandira ndi manja awiri, nandilondolera m'kachipinda komwe aphunzitsi asanu anazungulira tebulo. Patebulopo panali choko, mitolo ya timitengo tomangidwa khumikhumi ndi mphira, ndi pepala lalikulu lolembedwa lesoni pulani.

Msonkhano wotere si wachilendo m'Zambia. Njira ya Lesson Study, yomwe inachokera ku Japan, inayamba m'chigawo cha Central mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA, kenako inafalikira m'zigawo zina mpaka dziko lonse. Aphunzitsi amasankha mutu womwe ukuvuta ana, amakonzera limodzi phunziro, mmodzi amaphunzitsa anzake akuonerera, amakambirana, amakonzanso, n'kuphunzitsanso m'kalasi ina. Akatswiri a zokonza maphunziro ali ndi mbiri yawoyawo pa nkhani imeneyi. Mu 1967 Michael Scriven anasiyanitsa kuyesa kochitika ntchito ili mkati, pofuna kuikonza, ndi kuyesa kwa pamapeto kongopereka chigamulo. Buku la Walter Dick ndi Lou Carey la 1978 linayala masitepe ake: yambani ndi mwana mmodzimmodzi, kenako kagulu kochepa, pomaliza kalasi yeniyeni. Aphunzitsi a ku Rufunsa sanatchule mayina amenewa, koma zomwe anachita masana amenewo n'zomwezo.

Mutu wake unali kuchotsera kobwereka. Mphunzitsi wachinyamata, yemwe ndiye adzaphunzitse, anaima pakabolodi n'kulemba samu yomwe ankafuna kuyesera ana pakati pa phunziro: 52 kuchotsapo 27. Ananena kuti ana ake ambiri amapeza 35 m'malo mwa 25, ndipo akaona 35 adzadziwa kuti sanamve.

Mayi wina wachikulire, amene anzake ankangowatchula kuti Madamu, anayang'anitsitsa samuyo kwa kanthawi.

"Aphunzitsi, 35 ameneyu akuuzani kuti mwana walakwa. Nanga akuuzani kuti walakwa pati?"

Anatenga choko. Mwana woyamba, iwo anatero, akaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, amangotembenuza: 7 kuchotsa 2, 5; kenako 5 kuchotsa 2, 3. Wapeza 35. Mwana wachiwiri wabwereka bwinobwino, 12 kuchotsa 7, 5, koma waiwala kuti makumi atsala anayi, ndiye 5 kuchotsa 2, 3. Nayenso wapeza 35. Ana awiri, matenda awiri osiyana, yankho limodzi. Woyambayo sanamvetse kuti khumi limamasulidwa kukhala timitengo khumi. Wachiwiriyo wamvetsa, wangopunthwa pa sitepe imodzi. Mukawapatsa mankhwala amodzi, mmodzi mwamutaya.

M'chipindamo munati zii, kenako aliyense anagwira cholembera kufunafuna samu ina. Anagwirizana pa 63 kuchotsapo 27. Wotembenuza manambala apeza 44, woiwala kuchepetsa makumi apeza 46, wokhoza apeza 36. Tsopano mphunzitsi akangoponya maso pakope, adziwa mwana aliyense pomwe waima. Ndakhala ndikuwerenga za kayesedwe ka maphunziro kwa zaka zambiri, koma sindikudziwa china chofunika kuposa chimene Madamu anachita apa: kusankha funso lomwe ngakhale yankho lolakwa limalankhula.

Zotsalazo anazikonza mwachangu. Anagawana ntchito ya tsiku lophunzitsa: wina adzakhala kumbuyo kumene kumabisala ana amanyazi, wina adzawerenga makope ndi kulemba kuti 36 ndi angati, 44 ndi angati, 46 ndi angati, wina adzasunga nthawi. A hedi anakumbutsa onse kuti oonerera sabwera kudzagwira mphunzitsi zolakwa. Maso akhale pa ana. Anagwirizananso pasadakhale chochita ndi zomwe adzapeze. Ngati 44 achuluka, phunziro libwerere ku mitolo, samu yolemba iyambe yadikira. Ngati achuluka ndi 46, phunziro lili panjira, pangofunika kuwazoloweza kukhwatcha nambala ya makumi ndi kulemba yatsopano pamwamba. Mfundo imeneyi ndinaikonda kwambiri, chifukwa mukadikira kuti muone zotsatira kenako n'kumaganiza tanthauzo lake, mtima umakonda kudzikhululukira.

Woocha makala sadikira tsiku lofukula kuti adziwe ngati uvuni wapsa bwino. Amauzungulira usana ndi usiku, kuyang'ana utsi, kutseka ndi dothi pomwe pabowoka, chifukwa akachedwa apeza phulusa. Mayeso a kumapeto kwa teremu ali ngati tsiku lofukulalo.

Asanabalalike, anaitana ana atatu mwa omwe anatsalira kusesa: wina wokhoza kwambiri, wina wapakati, wina wovutika. Anawatenga mmodzimmodzi pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Kunyumba kwa ana ambiri kuno amalankhula Chisoli, pomwe chilankhulo cha sukulu m'chigawo cha Lusaka ndi Chinyanja pambali pa Chingelezi, choncho ntchitoyi anaipereka kwa mphunzitsi wobadwira konkuno, kuti mwana akakakamira adziwe ngati chavuta ndi samu kapena mawu.

Ndinakhala chapatali pang'ono pomwe ankacheza ndi wapakatiyo, kamtsikana kovala juzi yaikulu kuposa msinkhu wake. Anakapatsa pepala la 63 kuchotsapo 27. Kanalemba 44 mosazengereza, n'kuyang'ana kumaso kwa aphunzitsi. Iwo sanagwedeze mutu, sanamwetulire.

"Mwanawe, amayi ako amagulitsa chiyani kumsewu?"

"Tomato, aphunzitsi."

"Tinene kuti ali ndi K63, ndiye agula mafuta ophikira a K27. Atsala ndi zingati?"

Kamtsikanako kanayang'ana m'mwamba, milomo ikugwedera, zala zikupindika chimodzichimodzi. Kanayambira pa 27 kukafika pa 30, kanalumpha mpaka 60, n'kuwonjezera zitatu.

"K36."

"Nanga papepalapo walemba zingati?"

Kanayang'ana 44 wake, kanayang'ananso zala zake, n'kukhala chete. Aphunzitsi anakapatsa mitolo isanu ndi umodzi ndi timitengo titatu, n'kukauza kuti kachotsepo 27. Kanachotsa mitolo iwiri, kanaima. Timitengo tili titatu, pakufunika tisanu ndi tiwiri. Dzanja linafika pamtolo wachitatu, n'kubwerera.

"Ndimasule?"

"Ukuona bwanji iweyo?"

Kanamasula mphira, timitengo tinamwazika pafumbi, kanawerenga n'kupeza 36.

Mphindi zochepa zimenezo zinasintha lesoni pulani yonse. Pepala loyamba linkayamba ndi mphunzitsi pabolodi kusonyeza kabwerekedwe, mitolo n'kubwera kumapeto ngati nthawi ilipo. Atabwerera m'chipinda anazitembenuza: ana ayambe ndi nkhani ya ndalama yomwe amaidziwa kale, amasule mtolo ndi manja awo, ndipo samu yolemba ibwere pambuyo monga njira yolembera chomwe manja achita. Anaonanso kuti mitolo yomwe ali nayo singakwanire kalasi yonse, ndiye a Giredi 6 atumidwa kukathyola timitengo Lachisanu.

Chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchito yotereyi imadya nthawi yomwe mphunzitsi wa makalasi awiri patsiku alibe, ndipo m'malo ambiri misonkhano ya aphunzitsi imatha kusanduka yongodzaza mafomu oti akaonetse kwa akuluakulu. Pulogalamu ya Catch Up, yomwe Zambia inayamba kuyesa mu 2016 potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, imathandiza poika ana a Giredi 3 mpaka 5 m'magulu molingana ndi zomwe akudziwa. Komabe kudziwa gulu la mwana ndi gawo chabe. Pamafunikabe munthu wokhala naye pansi n'kumufunsa momwe wapezera 44.

Phunziro lokonzedwalo liyesedwa kaye pa kagulu ka ana asanu ndi atatu Lolemba, kenako m'kalasi yonse Lachitatu, oonerera ali m'malo awo. Zomwe adzapeze, Madamu adzazitengera kumsonkhano wa aphunzitsi a m'zoni, pamodzi ndi samu ya 52 kuchotsapo 27, kuti anzawo a m'sukulu zina aione ndi kuichotsa pa mayeso awo.