Kwa Kachindamoto, Diso Lochotsedwa Ng'ala Limafuna Mlonda

Mukatsika Khwekhwerere kuchokera ku Dedza, kuzizira kumatsala kumapiri. Pa Golomoti mumalandiridwa ndi malambe, dzuwa loswa mtengo ndi fumbi. Kuchoka apo msewu wa M5 umadutsa pa Mua, pamene Akatolika anakhazikitsa mishoni mu 1902, n'kukafika ku Mtakataka.

M'midzi ya kuno ndinacheza ndi agogo angapo amene anachotsedwa ng'ala, ena ku chipatala cha maso cha Nkhoma. Dokotala amachotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga n'kuikapo kena kopanga. M'mawa mwake akamatula bandeji, munthu amaonanso nkhope za zidzukulu zake. Pobwerera kumudzi amapatsidwa kabotolo ka mankhwala odontheza m'diso, opha tizilombo ndi kuchepetsa kutupa.

Vuto limayambira pa kabotoloka. Gogo wina anasiya kudontheza patatha masiku atatu. "Ndikuona bwino, mwanawe, otsalawa ndisungire tsiku lina," anatero. Komatu pamene anacheka dokotala sipapola msanga. Tizilombo tikalowera pamenepo, m'kati mwa diso mumachita mafinya, ndipo likhoza kufa m'masiku ochepa.

Kuchigwa kuno zodetsa diso n'zambiri: mphepo ya mwera, utsi wa nkhuni, mungu popeta chimanga, ntchentche nyengo ya mango, ndi thukuta limene munthu amapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Choncho inu amene mukusamalira wodwala, sambani m'manja ndi sopo musanadontheze. Kamwa ya botolo isakhudze diso kapena chala. Tsatirani nthawi ndi masiku amene adokotala ananena, ngakhale diso likuoneka kuti lachira. Musagawane mankhwalawo ndi wina. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba ndi mankhwala ogula pamsika zisalowe m'diso. Agogo ayambe apuma kumunda ndi kudambo la mpunga, asasambenso m'nyanja kapena mumtsinje kufikira adokotala atalola.

Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutulutsa manthongo kapena kuona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire tsiku limene anakulemberani.

Agogo ambiri manja amanjenjemera, ndipo dontho limagwera patsaya. Amayi a Dorika ndi achinyamata a mumpingo, gawanani masiku owayendera m'mawa ndi madzulo mpaka atamaliza mankhwala.