Dzina la makolo m'mabuku a ubatizo

Mabuku a ubatizo a m'maparishi akale, monga Nzama wa 1901 ndi Mua wa 1902, ndi chuma chachikulu kwa munthu wofufuza dzina la banja lake. Ansembe ankalembamo dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi ndi tsiku, nthawi zambiri m'Chilatini. Chovuta n'chakuti kalelo mabanja ambiri analibe dzina limodzi lokhazikika: mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake kukhala lachiwiri, m'badwo wotsatira n'kusinthanso. Mfunda monga Phiri kapena Banda suthandiza kwenikweni, poti eni ake ndi ochuluka zedi. Chimene chimalondolera bwino ndi mudzi ndi dzina la nyakwawa. Kalembedwe ka maina nakonso kankasiyana, chifukwa wansembe wachilendo ankalemba monga momwe khutu lake lamvera.