CHIPATA: PITANI NAONI ANA AKAONE MZINDA WA M'MAPIRI

Zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo ndalama za nsawawa, thonje ndi cimanga zikafika m'manja, makolo ambiri a m'cigawo ca Kum'mawa amakwera basi kupita ku Chipata kukagula fetereza ndi malata. Ana amatsala kumudzi kuyang'anira mbuzi. Motero mwana amakula, mpaka kumaliza sukulu, asanaone mzinda umene amauwerenga m'buku. Mtolankhani wanu anatenga ana awiri a mbale wace nayenda nao mu mzindawu, kuti aone ngati banja la kumudzi lingathe kukondwa osaononga ndalama zambiri.

Chipata ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka, potsata mseu wa Great East Road. Kale anali kuchedwa Fort Jameson, ndipo anali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka caka ca 1911. Mu 2017 Boma linamkweza kukhala mzinda waukulu. Mapiri amzinga ngati mpanda wa khola, ndipo mlendo amayamba kuona mapiriwo asanaone nyumba.

Ulendo wathu unayambira pa phiri la Kanjala. Tinanyamuka mbandakuca, titatenga madzi ndi mbatata zophika, pakuti dzuwa likakwera njira imatopetsa. Pamwamba pace mzinda wonse unaoneka pansi pathu: misika, machalichi, mzikiti waukulu, ndi minda yotambalala kufikira kumene maso alekeza. Wamng'ono wa anawo anakhala cete kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti kwathu ndi kuti. Titamlozera, anadabwa kuti mudzi wonse umene iye amauyesa dziko sunali kuoneka nkomwe.

Koma tinaonanso cinthu comvetsa cisoni. M'mbali zina za mapiri mitengo yatha cifukwa ca makala ndi nkhuni, ndipo pali zitsa zokhazokha. Phiri likavulidwa cotero, mvula imakokolola nthaka ndi kuitaya m'mitsinje ndi m'madamu, monga la Lutembwe limene limamwetsa anthu a mu mzindawu. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ace safunanso kumuuza kawiri za ubwino wobzala mitengo.

Titatsika tinalowa mu msika wa Kapata. Kumeneko ana anaphunzira kuwerenga cenji, naona nsomba zouma, mpunga wa ku Chama, ndi njinga zosawerengeka zonyamula anthu ndi katundu. Makolo agwire ana dzanja, cifukwa anthu amaculuka ndipo njinga zamoto zimathamanga. Madzulo tinazungulira ku masitolo a Down Shops kumene amai amasankha zitenje.

Amene afuna kuti ana adziwe mbiri ya makolo ao akonzekere Loweruka lothera la mwezi wa February. Pa tsikuli Angoni amasonkhana ku Mtenguleni, pa mseu wopita ku Katete, pa mwambo wa Nc'wala. Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zipatso zoyamba za m'munda, ndipo madoda amavina ngoma atavala zikopa, zishango ndi zibonga zili m'manja. Angoni anaoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Atagonjetsedwa ndi Azungu mu 1898 mwambowu unaleka, ndipo unayambanso mu 1980. Kumapeto kwa August nawonso Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko ana amaona Gule Wamkulu wa mitundumitundu.

Banja limene lasungako ndalama lingapitirire ku Mfuwe, makilomita pafupifupi 130 kucokera ku Chipata, pa mseu wa tara. Kumeneko kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo kukula kwace ndi makilomita 9,050 m'bwalo lonse. Muli njobvu, njati, mikango, anyalugwe, ndi nyamalikiti za mtundu umene umapezeka m'cigwa ca Luangwa mokha. Munthu ataima pa ulalo wa pa cipata colowera amatha kuona mvuu ndi ng'ona m'madzi. Nthawi yabwino ndi ya cilimwe, pamene udzu wauma ndipo nyama zimabwera ku mtsinje kudzamwa. Nzika za Zambia zimalipira ndalama zocepa kusiyana ndi alendo ocokera kunja. Mverani malangizo a alonda a nyama, ndipo mwana asaturuke m'galimoto.

Alendo amaoloka nyanja ndi ndege kudzaona zinthu zimenezi, pamene mwana wa ku Chadiza, Vubwi kapena Chipangali sanazionepo. Aphunzitsi ndi makomiti a makolo angathe kusonkherana ndalama za basi imodzi kuti kalasi yonse ipite pamodzi.

Akulu anati mmera mpoyamba. Amene adzasunga mapiri ndi nyama zimenezi mawa ndi ana amene azionera lero. Caka cino, pokagula fetereza, siyaniko malo a mwana mmodzi pa mpando wa basi.