Matepi a kanema amene tinkasunga m'sutikesi

Adzukulu anga, mukamapita paboma pa Chitipa n'kubwerako ndi kamemori kochepa kuposa chikhadabo, mvekere tagula mafilimu 20, ine mtima umandiwawa, chifukwa chimene mwagulacho sichigwirika, sichisungika, ndipo mawa lomweli mudzachifufuta kuti mulowetsemo china. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Zanuzi ndi zamphepo.

M'masiku a Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inadzayamba mu 1999, ife tili kale ndi imvi zoyamba. Amene ankafuna kuona kanema ankadalira deki ndi tepi, ndipo zinthuzo kuno kwathu sizinkachokera ku Blantyre, kunali kutali zedi, msewu wa ku Karonga uli fumbi ndi mabampu, phula lisanaikidwe. Zinkabwera ndi abale athu obwerera kuchokera ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Ndola, kapena ndi ochita geni odzera ku Nakonde, Tunduma ndi Mbeya. Tepi ankaikulunga m'chitenje kuopa fumbi, n'kuinyamula monga khanda lobadwa dzulo, ndipo ikafika pakhomo mwini wake ankalemba dzina lake pakapepala kakumsana, kuti ikapita kobwerekedwa isaiwale kwawo.

Munthu ankagulitsa khofi wake wa ku Misuku, kapena nyemba, kapena mawere, n'kupatulapo ya tepi imodzi yokha, ndipo imodziyo ankaiganizira kaye usiku wonse. Enter the Dragon ya Bruce Lee, Commando, Rambo, Sarafina ya mu 1992, Neria ya ku Zimbabwe ija inaliza amayi amasiye m'mudzi muno: zonsezi zinkandandalikidwa m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi makalata a ukwati ndi makhadi a ubatizo. Dzinja likafika tinkazitulutsa n'kuyang'ana pakagalasi ngati nkhungu yoyera ija yayamba, chifukwa chinyezi cha kumapiri kuno sichinyengerera. Tepi ikaduka tinkamasula tizitsulo take, n'kulumikiza mosamala ndi selotepu; mutu wa deki ukada tinkaupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Ndikukumbukirabe fungo la petulo wa jenereta, kulira kwa deki ikamameza tepi, ndi timizere tija tinkayenda pagalasi chithunzi chisanakhazikike, ana atakhala pamphasa ali chete, akuluakulu pamipando kumbuyo, wodziwa Chingerezi akumasulira m'Chilambya kapena m'Chindali. Wobwereka akabweza tepi osaibwezera koyambirira, tinkadziwa kuti ameneyo sanaleredwe.

Kenaka anabwera ma CD ndi ma DVD, otsika mtengo koma okandika msanga. Komabe ankagwirika. Tinasungako masewero a Izeki ndi Jakobo, mafilimu a ku Nigeria, ndi a Steven Kanumba wa ku Tanzania, amene imfa yake mu 2012 inatikhudza ngati ya mwana wa m'mudzi muno, poti Chiswahili kuno si chachilendo.

Lero aliyense wawerama pafoni yake, makutu atatseka ndi tizingwe, akuseka yekha pakona, ndipo mukamufunsa dzina la filimu imene waonera dzana sakulidziwa. Palibenso wogogoda pakhomo kudzabwereka, ndiye palibenso moni uja, palibe kufunsana za odwala, palibe mbale ya nthochi imene inkaperekeza tepi pobwerera. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomaliza kupanga madeki, inaleka mu 2016, ndipo deki yanga itafa panalibenso mmisiri woikonza.

Chimene chimandipweteka koposa ndi kuona riboni yakuda ija itasololedwa m'tepi, itamangidwa pamitengo m'munda kuti iziingitsa mbalame. M'matepi ena muli maukwati ndi maliro a anthu amene nkhope zawo sizipezekanso kwina kulikonse. Inu amene mukadali nawo m'nyumba, chonde musawapatse ana kuti aziseweretsa. Apukuteni, muwasunge pouma, ndipo mufunefune wodziwa kusamutsa zithunzizo zisanawole.